Kodi sukulu ya kumudzi yapitadi patsogolo chaka chino? Mmene tingamvetsere malipoti ake

Chaka cha maphunziro chikatha, sukulu za boma zimatulutsa malipoti. Makolo amamva kuti ana olembetsa achuluka, okhoza mayeso awonjezeka, mdadada watsopano wa makalasi watha. Chaka chotsatira sukulu yomweyo, ya aphunzitsi omwewo, imamveka kuti yagwa, ndipo anthu amayamba kulozana chala. M'madera ang'onoang'ono a alimi kukwera ndi kutsika kotereku kumachitika kawirikawiri, moti kholo lofuna kudziwa zoona limasowa pogwira.

Chosokoneza n'chakuti mawu oti "kupita patsogolo" amanyamula zinthu zingapo zosiyana, ndipo lipoti limatha kunena zoona pa chimodzi koma n'kukhala chete pa zinazo. Tizitenge chimodzichimodzi: chilichonse chimatanthauza chiyani, chinachokera kuti, ndipo chimabisa chiyani sukulu ikakhala yaing'ono komanso ana ake akamachokera m'mabanja odalira munda.

Kulembetsa ndi kubwera n'zosiyana

Chiwerengero choyamba m'lipoti nthawi zambiri chimakhala cha ana amene ali m'kaundula. N'chosavuta kupeza, ndipo kwa zaka zambiri maboma ankanyadira chimenechi kuposa china chilichonse. Mu 1990 mayiko anakumana ku Jomtien, ku Thailand, n'kugwirizana kuti mwana aliyense azilandira maphunziro oyambirira. Zitatero mayiko angapo anathetsa fizi ya kupulayimale: Malawi mu 1994, Uganda mu 1997, Kenya mu 2003. Ku Malawi ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Kumeneko kunali kupita patsogolo kwenikweni, pakuti mwana amene sali pasukulu n'komwe, palibe chimene mphunzitsi angamuchitire. Koma zaka zotsatira zinaonetsa kuti dzina likhoza kukhala m'kaundula mwini wake ali kwina.

Akatswiri amawerengera olembetsa m'njira ziwiri. Yoyamba amatenga ana onse amene ali pasukulu, kaya ali ndi zaka zingati, n'kuwayerekezera ndi ana a msinkhu wa sukulu m'deralo. Chifukwa choti ena amayamba mochedwa ndipo ena amabwereza kalasi, yankho limatha kupitirira 100 peresenti ngakhale kuti m'mudzimo muli ana ena amene sanapondepo pasukulu. Njira yachiwiri amawerenga okhawo a msinkhu woyenera. Lipoti likangoti "olembetsa akwera" osanena njira imene latsata, silinatiuzebe ngati ana atsopano afika kapena akale angounjikana m'makalasi oyambirira. Kutsika nakonso sikutanthauza kuti sukulu yaipa. M'dera laling'ono mabanja atatu kapena anayi akasamukira kutauni, kaundula amaonda nthawi yomweyo.

Kubwera tsiku ndi tsiku ndiko kumanena zambiri, koma nakonso kumafuna diso lakuthwa. Tiyerekeze makalasi awiri, onse akuti ana amabwera 90 peresenti ya masiku. M'kalasi yoyamba mwana aliyense amajomba tsiku limodzi pa masiku khumi. M'yachiwiri ambiri sajomba, koma ana angapo amasowa mwezi wathunthu kapena kuposa. Chiwerengero n'chimodzi, vuto n'losiyana. N'chifukwa chake ku United States tsopano amawerenga padera ana amene ajomba masiku 10 pa 100 alionse kapena kuposa, kutanthauza pafupifupi masiku 18 pa chaka cha masiku 180. Mwana wotere ndi amene ali panjira yosiya sukulu, ndipo avereji ya kalasi yonse imamuphimba.

Zifukwa zojombera sizikhala za mwana kapena mphunzitsi nthawi zonse. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Edward Miguel ndi Michael Kremer anachita kafukufuku m'sukulu 75 za ku Busia, ku Kenya, ndipo anapeza kuti kupereka mankhwala a njoka zam'mimba kunachepetsa kujomba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Zotsatira za mayeso sizinaoneke kuti zakwera pa nthawiyo, ndipo akatswiri ena anadzatsutsana nawo pa kukula kwa phindulo. Komabe nkhaniyi imasonyeza kuti kusintha kwa kabweredwe ka ana kungachokere kuchipatala osati m'kalasi.

Kalendala ya sukulu ndi kalendala ya munda

Apa ndi pamene sukulu ya alimi imasiyana ndi ya m'tauni. Lipoti la mu 2021 la mabungwe a ILO (loona za ntchito padziko lonse) ndi UNICEF linati ana 160 miliyoni padziko lonse anali pa ntchito zosayenera msinkhu wawo, ndipo 70 pa 100 alionse mwa iwo anali mu ulimi, ambiri m'minda ya kwawo komwe. Ntchito ya kumunda siyendera teremu. Nthawi yobzala, yopalira ndi yokolola ikafika, banja limafuna manja onse.

Vutoli n'lakale. M'zaka za m'ma 1800 sukulu zambiri za kumidzi ku United States zinkatsegula m'nyengo yozizira ndi yotentha, n'kutseka nthawi yobzala ndi yokolola. Ku Scotland tchuthi cha mu Okutobala chinayamba chifukwa ana ankakathandiza kukumba mbatatesi, ndipo m'dera la Aroostook ku Maine, ku United States, sukulu zina zimatsekabe pa nyengo yokolola mbewu yomweyo. Ku France, m'chigawo cha Lot-et-Garonne, alimi anayambitsa m'zaka za m'ma 1930 sukulu zimene wophunzira amakhala masiku ena m'kalasi, masiku ena pamunda wa kwawo mosinthanasinthana, ndipo njirayi inafalikira mpaka ku Brazil ndi kumayiko ena a mu Africa.

Chodabwitsa n'chakuti chaka cha zokolola zabwino sichikhala chabwino kusukulu nthawi zonse. Manisha Shah ndi Bryce Steinberg, m'kafukufuku wa m'midzi ya ku India amene anatuluka mu 2017, anapeza kuti zaka zimene mvula yagwa bwino ana a msinkhu wa sukulu ankakhoza mocheperapo ndipo osiya sukulu ankachuluka, chifukwa ntchito za kumunda zinkapezeka zambiri komanso zinkalipira bwino. Chaka cha chilala chili ndi mavuto akenso: njala, matenda, kusamuka. Choncho poyerekezera chaka chino ndi chatha, ndi bwino kufunsa kuti nyengo inali yotani, ndiponso kuona kabweredwe ka ana mwezi ndi mwezi osati ka chaka chonse pamodzi. Ngati kusintha kalendala kumathandizadi, kapena kumangovomereza kuti ana azigwira ntchito, imeneyo ndi nkhani imene anthu sanamvanebe.

Chiwerengero cha okhoza mayeso

Ichi ndi chimene chimakokedwera m'nyuzipepala ndi m'misonkhano. Tanthauzo lake n'losavuta: mwa ana amene analemba mayeso, angati akhoza. Mawu ofunika ndi akuti "amene analemba".

Tiyerekeze sukulu ziwiri, iliyonse inayamba ndi ana 40 m'kalasi yoyamba. Patapita zaka, pa sukulu yoyamba atsala ana 12 olemba mayeso omaliza, ndipo 11 akhoza: 92 peresenti. Pa yachiwiri afika ana 30, ndipo 21 akhoza: 70 peresenti. Pa mndandanda wa boma yoyamba idzakhala pamwamba. Koma mwa ana 40 aja, yachiwiri yaolotsa 21 pamene yoyamba yaolotsa 11. Sukulu imene yayesetsa kusunga ana ovutika mpaka kumapeto imatha kuoneka ngati yabwerera m'mbuyo m'chaka chomwecho chimene yagwira ntchito yabwino koposa.

Kuweruza sukulu ndi mayeso kunayamba kalekale. Mu 1862 boma la Britain linakhazikitsa lamulo loti gawo lalikulu la ndalama zopita kusukulu za ku England lizidalira mmene ana akhozera kuwerenga, kulemba ndi masamu pamaso pa woyendera sukulu. Matthew Arnold, yemwe anali mmodzi wa oyendera sukuluwo, anadandaula kuti ana angosanduka oloweza zinthu osazimvetsa, ndipo njirayi inathetsedwa m'zaka za m'ma 1890. M'zaka za m'ma 1970 katswiri Donald Campbell anafotokoza kuti chiwerengero chikamagwiritsidwa ntchito kwambiri popereka mphotho kapena chilango, anthu amayamba kuchikhotetsa, ndipo chimasiya kuyeza chimene chinkayenera kuyeza. Chitsanzo chodziwika ndi cha mumzinda wa Atlanta ku United States, kumene kafukufuku wa boma mu 2011 anapeza kuti aphunzitsi ndi akuluakulu 178 m'sukulu 44 anakhudzidwa ndi chinyengo pa mayeso, kuphatikizapo kusintha mayankho a ana.

Chinyengo choonekeratu chotere sichichitika paliponse. Chofala n'chofewerapo: kuuza mwana wofooka kuti abwereze kaye asanalembe, kuika mphunzitsi waluso kwambiri m'kalasi yomaliza pamene ang'onoang'ono akusowa wowaphunzitsa kuwerenga, kutha teremu yonse akubwereza mapepala a mayeso akale. Ochirikiza mayeso ali ndi yankho lawo lomveka: popanda mayeso ofanana dziko lonse, mwana wa kumudzi alibe njira yosonyezera kuti ndi wanzeru ngati wa m'tauni, ndipo sukulu imene ikulephera ana ake sidziwika.

Pamene mwana wafika ndi mtunda umene wayenda

Mayeso omaliza amabwera mochedwa. Mwana amene sanadziwe kuwerenga m'kalasi yachiwiri amakhala wataya zaka zingapo asanaonekere m'lipoti lililonse. Mu 2005 bungwe la Pratham ku India linayamba kafukufuku wotchedwa ASER. Anthu ongodzipereka amapita khomo ndi khomo m'midzi, n'kupatsa mwana pepala limodzi: zilembo, mawu, ndime yaifupi, kankhani. Mwanayo amawerenga mpaka pamene walekezera. Chaka ndi chaka zotsatira zakhala zikusonyeza kuti pafupifupi theka la ana a Sitandade 5 satha kuwerenga kankhani ka Sitandade 2. Njirayi inatengedwanso ku Kenya, Tanzania ndi Uganda kuyambira mu 2009 pansi pa dzina loti Uwezo. Mu 2019 World Bank inati ana 53 pa 100 alionse a zaka 10 m'mayiko osauka ndi apakatikati sankatha kuwerenga ndi kumvetsa nkhani yosavuta, ndipo sukulu zitatsekedwa chifukwa cha COVID-19 inayerekezera mu 2022 kuti afika 70.

Komatu kudziwa pamene mwana wafika sikunatiuze chimene sukulu yachita. Alimi awiri akhoza kukolola mosiyana, wina nkhokwe yodzadza wina theka, koma ngati woyambayo ali pa dothi lachonde ndipo wachiwiriyo ali pamchenga, nkhokwe payokha siinganene kuti walima bwino ndani. Ana amafika pasukulu atasiyana kale: wina kwawo kuli owerenga, wina ndiye woyamba m'banja kugwira buku, wina amamva chiyankhulo chophunzitsira, wina akuchimva koyamba. Kafukufuku wamkulu wa James Coleman ku United States mu 1966 anapeza kuti moyo wa kunyumba umafotokoza kusiyana kwa ana pa mayeso kuposa mmene zipangizo za pasukulu zimachitira, ndipo kuyambira pamenepo anthu akhala akufunafuna njira yolekanitsira gawo la sukulu ndi gawo la kunyumba.

Njira imodzi ndi kuyeza ana omwewo kawiri, kumayambiriro ndi kumapeto kwa chaka, n'kuona mtunda umene ayenda. William Sanders, yemwe poyamba ankagwira ntchito ya ziwerengero pa kafukufuku wa zaulimi, anakonza njira yotere imene boma la chigawo cha Tennessee ku United States linayamba kugwiritsa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Lamulo la No Child Left Behind, limene Pulezidenti George W. Bush anasainira mu 2002, linatsata njira ina. Linkafuna kuti chaka chilichonse chiwerengero cha ana ofika pa mlingo woikidwa chizikwera mpaka onse adzafike pofika 2014. Kutereku kunali kuyerekezera ana a chaka chino ndi ana ena a chaka chatha. Sukulu imene inatenga mwana wotsalira zaka zitatu n'kumufikitsa potsalira chaka chimodzi inkawerengedwabe kuti yalephera. Lamuloli linalowedwa m'malo ndi lina mu 2015.

Kuyeza mtunda kuli ndi zovuta zake. Kumafuna mayeso awiri ofanana kulimba, ndipo kumasiya ana amene asamuka kapena kusiya sukulu pakati pa chaka, omwe nthawi zambiri ndi ovutikitsitsa. Ngakhale zili choncho, funso loti "ana awa ankatha chiyani pamene chaka chinkayamba, nanga pano akutha chiyani" ndilo lili pafupi kwambiri ndi tanthauzo la kupita patsogolo.

Vuto la ana ochepa

Mfundo iyi ndi imene imanyalanyazidwa kwambiri, chonsecho ndiyo imafotokoza kukwera ndi kutsika kumene tinayamba nako. Imakhudzanso sukulu zimene makalasi oyambirira ndi odzadza, chifukwa pofika kalasi yolemba mayeso ana amakhala atatsala ochepa.

Tiyerekeze kalasi ya ana 15. Chaka chatha anakhoza 9, ndiye kuti 60 peresenti. Chaka chino akhoza 12, ndiye kuti 80 peresenti. Lipoti lidzati sukulu yakwera kwambiri, koma kusiyana konseko ndi ana atatu. Mwina chaka chino munali ana awiri anzeru a banja limodzi, mwina chaka chatha wina anadwala malungo sabata ya mayeso, wina anaferedwa. Pa sukulu ya olemba mayeso 300, kukwera kofananako kungafune ana 60, ndipo zimenezo sizichitika mwangozi. Pa sukulu yaikulu mwayi ndi tsoka la ana osiyanasiyana zimafafanizana. Pa yaing'ono sizifafanizana.

Thomas Kane ndi Douglas Staiger anafufuza zimenezi pogwiritsa ntchito zotsatira za sukulu za m'chigawo cha North Carolina ku United States, ndipo mu 2002 analemba kuti gawo lalikulu la kusintha kwa zotsatira kuchoka chaka china kufika chinzake silikhalitsa, makamaka pa sukulu zazing'ono. Sukulu zoterozo ndi zimene zinkawina mphotho kawirikawiri, ndiponso ndi zomwezo zimene zinkapezeka kawirikawiri pa mndandanda wa zolephera. Howard Wainer anapeza zofananazo m'chigawo cha Pennsylvania m'dziko lomwelo: sukulu zazing'ono zinali zambiri mosayembekezereka pakati pa zochita bwino koposa, koma zinali zambirinso pakati pa zochita moipa koposa. Woyang'ana pamwamba pokha akanati sukulu zazing'ono ndiye zabwino. Woyang'ana pansi pokha akanati zitsekedwe.

Pali chinthu china chogwirizana ndi chimenechi, chimene Francis Galton anafotokoza m'zaka za m'ma 1880: zotsatira zopitirira muyeso, zabwino kapena zoipa, nthawi zambiri zimatsatidwa ndi zapakatikati. Sukulu imene yagwa kwambiri chaka chino mwina inakumana ndi tsoka lapadera, ndipo chaka chamawa idzakwera ngakhale pasachitike chilichonse. Ku Chile boma linayambitsa mu 1990 ndondomeko yothandiza sukulu pafupifupi 900 zimene zinkachita moipa kwambiri, ndipo zotsatira zake zinakwera. Kenneth Chay, Patrick McEwan ndi Miguel Urquiola ataunikanso mu 2005 anapeza kuti ndondomekoyo inathandizadi, koma mocheperapo kwambiri kusiyana ndi mmene zinkaonekera, chifukwa gawo lalikulu la kukwerako likanachitikabe. Zimenezi zikutanthauza kuti mphunzitsi wamkulu amene wabwera chaka choipa chitangotha amatamandidwa mopitirira, ndipo amene wabwera chaka chabwino chitangotha amadzudzulidwa mopitirira.

Maboma ayesa kuchepetsa vutoli m'njira ziwiri: kuphatikiza zotsatira za zaka zitatu, kapena kusatulutsa maperesenti gulu likakhala laling'ono kwambiri. Njira yoyamba imachedwa kuonetsa vuto lenileni likabuka. Yachiwiri imateteza sukulu ku chiweruzo cholakwika komanso imateteza ana kuti asadziwike, koma imachititsa kuti magulu ang'onoang'ono, monga ana olumala, asamaoneke m'lipoti lililonse.

Ine ndimaona kuti kuchepa komweku ndi mphamvu imene sukulu yaikulu ilibe. Ana 15 ndi ochepa kuti apange peresenti yodalirika, koma ndi ochepanso moti mphunzitsi angathe kukhala ndi aliyense payekha, kumumva akuwerenga, n'kulemba pamene walekezera. Pa sukulu yotere mndandanda wosonyeza kuti ana angati ankangodziwa zilembo ndipo pano akuwerenga ndime umanena zambiri kuposa malo amene sukulu yapeza pa mndandanda wa chigawo.

Zomanga, mabuku ndi ndalama

Malipoti amakonda gawo ili chifukwa limaoneka ndi maso: makalasi, madesiki, zimbudzi, madzi, mabuku. Izi ndi zimene sukulu yalandira, osati zimene ana aphunzira, ndipo kugwirizana kwake ndi kuphunzira sikuli kofanana nthawi zonse.

Kumene kunalibe sukulu n'komwe, kumanga kumasintha miyoyo. Dziko la Indonesia linamanga sukulu za pulayimale zoposa 61,000 pakati pa 1973 ndi 1978, ndipo Esther Duflo anapeza kuti ana a m'madera amene munamangidwa zambiri anaphunzira zaka zochulukirapo ndipo anadzalandira malipiro okwererapo atakula. M'chigawo cha Ghor ku Afghanistan, kuika sukulu m'mudzi momwemo kunachulukitsa kwambiri atsikana olembetsa, chifukwa mtunda ndiwo unkawatsekereza. Koma kumadzulo kwa Kenya, kafukufuku wa Paul Glewwe, Michael Kremer ndi Sylvie Moulin anapeza kuti kugawa mabuku sikunakweze zotsatira za ana ambiri. Anapindula ndi amene ankakhoza kale, chifukwa mabukuwo anali a Chingerezi chimene ana ambiri sankachimva bwino.

Ndalama nazo zimafuna kuzitsatira mpaka pakhomo la sukulu. Ku Uganda kafukufuku anapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995 sukulu zinkalandira pafupifupi 13 peresenti yokha ya ndalama zoyendetsera sukulu zimene boma linkatumiza. Boma litayamba kulengeza m'nyuzipepala ndalama zotumizidwa, komanso sukulu zitauzidwa kuti zizimata ziwerengerozo poonekera, pofika 2001 zinkalandira zoposa 80 peresenti. Lipoti loti "boma latumiza" ndi loti "sukulu yalandira" si limodzi.

Aphunzitsi owerengeka

Pa sukulu ya aphunzitsi atatu, mmodzi akasamutsidwa kapena akadwala nthawi yaitali, gawo limodzi mwa magawo atatu a sukuluyo laima. N'chifukwa chake chiwerengero cha aphunzitsi amene ali pa mndandanda wa malipiro sichikwanira. Kafukufuku amene anatuluka mu 2006, wochitika m'mayiko asanu ndi limodzi pofika pasukulu mosadziwitsa, anapeza kuti aphunzitsi 19 pa 100 alionse sanali pantchito. Ku Uganda anali 27, ku India 25, ku Peru 11. Si onse amene anangojomba. Ena anali atatumidwa ntchito zina za boma, ndipo kusowa kunali kochuluka pa sukulu zopanda zipangizo zabwino.

Kusunga mphunzitsi kudera lakutali n'kovuta paliponse. Dziko la Gambia linawonjezera malipiro ndi 30 mpaka 40 peresenti kwa aphunzitsi a m'madera ovuta, ndipo aphunzitsi ophunzitsidwa bwino anachulukadi kumeneko, ngakhale kuti ofufuza sanapeze kusintha koonekeratu pa avereji ya zotsatira za ana. Njira ina ndi kuvomereza kuti mphunzitsi mmodzi azisamala makalasi angapo m'chipinda chimodzi, koma n'kumukonzekeretsa bwino. Ku Colombia, Vicky Colbert ndi anzake anayambitsa njira yophunzitsira yotchedwa Escuela Nueva pakati pa zaka za m'ma 1970. Ana amagwira ntchito m'timagulu pogwiritsa ntchito mabuku owatsogolera, aliyense pa liwiro lake, moti amene wachoka kukathandiza kukolola amadzapitiriza pamene analekezera m'malo mobwereza chaka chonse. Njirayi inafalikira m'sukulu za kumidzi pafupifupi 20,000 m'dzikolo. Pa sukulu yotere funso loti ana angati akwera kalasi chaka chino limasintha tanthauzo, chifukwa mwana sayendera chaka.

Mafunso amene adakali opanda yankho limodzi

Loyamba n'lakuti kodi sukulu zazing'ono zisungidwe kapena ziphatikizidwe. Ku United States kunali sukulu za mphunzitsi mmodzi pafupifupi 190,000 cha m'ma 1919, ndipo lero zatsala mazana ochepa chabe. Dziko la China linatseka ndi kuphatikiza sukulu zambiri za kumidzi kuyambira mu 2001, koma mu 2012 boma linalamula kuti kutseka mwachisawawa kuleke, poona mtunda umene ana ankayenda, ngozi za panjira ndi ndalama zimene makolo ankawononga. Sukulu yophatikizidwa imatha kukhala ndi mphunzitsi wa phunziro lililonse, laibulale ndi labotale. Sukulu ya pafupi imasunga ana aang'ono ndi atsikana amene sakanayenda mtunda wautali, ndipo nthawi zambiri ndi malo okhawo amene anthu a m'deralo amakumanirapo. Malipoti a chaka chimodzi, omwe taona kuti amasinthasintha, ndi omwenso amagwiritsidwa ntchito posankha sukulu yotseka.

Lachiwiri ndi la chiyankhulo. Mwana akayesedwa m'chiyankhulo chimene sayankhula kunyumba, zotsatira zimasakaniza zinthu ziwiri: chimene sadziwa ndi chimene sanamve. Akatswiri ambiri amavomereza kuti mwana amayamba kuwerenga msanga m'chiyankhulo chake, koma sagwirizana za kalasi yoyenera kusinthira ku chiyankhulo cha mayeso a dziko, ndipo makolo ambiri amafuna kuti kusinthako kuchitike msanga poopa kuti ana awo adzatsalira pa ntchito.

Lachitatu ndi la zinthu zimene sizilowa m'lipoti. Mwana amene ankaopa kuyankhula ndipo pano amafunsa mafunso, mtsikana amene anasiya sukulu n'kubwereranso, makolo amene ayamba kubwera kumisonkhano: zonsezi ndi kupita patsogolo, koma palibe njira yogwirizana yoziyezera. Ena amati zikayamba kuyezedwa nazonso zidzakhotetsedwa monga anachenjezera Campbell. Ena amati chosayezedwa sichipatsidwa ndalama.

Palinso funso loti lipotilo alembera ndani. Boma limafuna ziwerengero zoti lizitha kuyerekezera sukulu masauzande. Kholo limafuna kudziwa za mwana wake. Mphunzitsi amafuna kudziwa poyambira teremu yamawa. Pepala limodzi silingakwaniritse onse atatu, ndipo nthawi ya mphunzitsi imene yapita kodzaza mafomu yachoka m'kalasi.

Funso lovuta koposa limakhudza cholinga chenicheni cha sukulu ya alimi. Mwana akakhoza bwino kwambiri, nthawi zambiri amachoka: kusekondale, kukoleji, kutauni, ndipo ambiri sabwerera kudzakhala. Pa lipoti chimenecho ndi chipambano, ndipo kwa mwanayo ndi banja lake n'chipambanodi. Koma dera limene laphunzitsa mwanayo limatsala ndi achinyamata ochepa, ana obadwa amachepa, ndipo sukulu yomweyo imayamba kuonda. Ena amati sukulu ya kumudzi iphunzitse kwambiri zaulimi ndi maluso a m'deralo kuti otsala apindule. Ena amayankha kuti kutero n'kumusankhiratu mwana wa mlimi tsogolo asanasankhe yekha, ndipo makolo ambiri m'mayiko amene anayesa zimenezi anazikana poona kuti ndi maphunziro otsika. Kodi sukulu imene ana ake onse anzeru achoka yapita patsogolo kuposa imene ana ake ambiri atsala akudziwa kuwerenga malangizo a mankhwala a mbewu, kuwerengera phindu la zokolola ndi kumvetsa mgwirizano asanasainire? Maunduna a maphunziro, makolo ndi ofufuza sanagwirizanebe ngati ziwirizi zingayezedwe pa sikelo imodzi.